Kodi Mumadziwa? Fizikisi Yobisala M'bwato la ku Amaramba

M'mamawa pa gombe la nyanja ya Amaramba pamakhala mabwato ongofika kumene, ana akukapa madzi ndi zigubu zodula pakati, amayi ataima ndi mabeseni kudikira makumba ndi milamba. Zimene zimamutulutsa thukuta wophunzira wa chaka choyamba ku yunivesite m'kalasi ya fizikisi zili pomwepo zonse, kungoti palibe anazilemba pa bolodi. Tiyeni tizitole chimodzichimodzi.

Kodi mumadziwa kuti liwu loti calculus, limene ana asukulu amalitchula monjenjemera, m'Chilatini limangotanthauza kamwala? Aroma ankawerengera ndi timiyala, ngati timene timayala m'maenje a nsolo. Masamu amenewa amayankha mafunso awiri okha. Loyamba: chinthu ichi chikusintha mofulumira bwanji panopa, pa kamphindi kano? Yankho lake amati derivative, ndipo ana a kalasi 12 ku Mozambique amati derivada. Lachiwiri: tizidutswa tonse tikatiunjika pamodzi tikwana zingati? Imeneyo ndiye integral. Kwerani njinga yamoto kuchoka ku Insaca kupita ku Cuamba, muziyang'ana pa chiwongolero. Muvi umene ukukwera n'kumatsika malinga ndi zigwembe za mumsewu ukuonetsa derivative. Manambala amene akuwerenga makilomita onse amene mwayenda ndiwo integral. Wa njinga aliyense amayenda ndi calculus pamaso pake tsiku lonse.

Nanga mumadziwa kuti dontho la mvula logwera mu Amaramba likhoza kukathera m'nyanja ya mchere ya India? Nyanjayi imalumikizana ndi Chiuta, imene ili kummwera kwake, ndipo kumpoto imatulutsa mtsinje wa Lugenda. Lugenda amakathira mu Rovuma pa Negomano, kumalire ndi Tanzania, ndiyeno Rovuma amapitiriza mpaka kunyanja yaikulu.

Kodi mumadziwa kuti nyanja sifika pachimake tsiku la mvula yoopsa? Madzi amakwerabe malinga ngati olowa akuposa otuluka. Mvula ikhoza kukata, koma madambo ndi timitsinje timakhala tikutsanulabe kwa masabata. Tsiku limene nyanja yadzaza kotheratu ndi tsiku limene olowa ndi otuluka alingana ndendende, madzi osakwera komanso osatsika. Ophunzira amati pamenepo derivative yafika pa ziro, ndipo umu ndi mmene amapezera nsonga ya chinthu chilichonse chokwera n'kutsika. N'chifukwa chake nyanja ya Malawi, imene kuno timati Niassa, imadzaza kwambiri cha mu Epulo kapena Meyi, mvula ya Januwale ndi Febuluwale itapita kalekale. Msodzi amene amazika mtengo m'mphepete mwa madzi n'kumaudula chizindikiro m'mawa uliwonse, n'kumayerekeza mpata wa dzulo ndi wa lero, akuchita zomwezo. Mipata ikayamba kuchepa amadziwa kuti madzi atsala pang'ono kuima, ngakhale akukwerabe. Kuzindikira kusiyana kwa kuchuluka kwa madzi ndi liwiro la kukwera kwake ndi theka la phunziro lonse, ndipo ine ndaona ophunzira a mapepala abwino akusokoneza ziwirizi pamene mkulu wa kugombe sasokoneza.

Mvula ya milimita imodzi yokha pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Zigubu za malita 20 zokwana 500.

Kodi mumadziwa kuti kusandutsa madzi nthunzi kumadya moto wambiri kuposa kuwawiritsa? Kutenthetsa lita imodzi kuchoka pa kuzizira kwa ayezi mpaka kuwira kumafuna ma kilojoule pafupifupi 420. Kuisandutsa nthunzi lita yomweyo kumafuna pafupifupi 2,260, kuposa kasanu. Amayi ophika nyemba amadziwa kuti nkhuni zimathera pamenepo. Dzuwa la Okutobala limachita ntchito imeneyi mwakachetechete pa nyanja yonse. Chilwa, imene ili kummwera kwa Chiuta, ilibe mtsinje wotulukira. Madzi ake amachoka ngati nthunzi basi, mchere n'kutsalira, ndiye chifukwa chake amamveka mchere pamene a mu Amaramba ndi abwino. Popeza ndi yosaya, zaka zachilala zikatsatizana imaphwa, monga inachitira mu 1968 ndi mu 1995. Siteshoni ya Entre Lagos dzina lake limatanthauza pakati pa nyanja, chifukwa ili pakati pa Chilwa ndi Chiuta: nyanja ziwiri zoyandikana, mvula imodzimodzi, dzuwa limodzimodzi, koma ina ili ndi khomo ndipo ina ilibe.

Nthunzi yomweyo ikakwera kumwamba n'kusandukanso madzi imabweza kutentha konse kuja, ndipo ndiko kumene namondwe amatenga mphamvu. Freddy, amene anafika kachiwiri pafupi ndi Quelimane mu Marichi 2023 n'kukasakaza kummwera kwa Malawi, anakhala masiku 36 akudya nthunzi ya nyanja yofunda ya India. Anamondwe a kuno kummwera kwa dziko lapansi amazungulira ngati mivi ya wotchi, a kumpoto amazungulira mobwerera. Chimachititsa ndi kuzungulira kwa dziko lenilenilo, ndipo masamu ake anawalemba Gaspard-Gustave de Coriolis mu 1835.

Kodi mumadziwa kuti mgolo wobooka pansi sutha madzi mofanana? Ngati wonse umatha pa mphindi 10, theka lapamwamba limatha pa mphindi zitatu zokha, lapansi n'kutenga zisanu ndi ziwiri. Madzi akamachepa, kulemera kokankha pa bowo kumachepa, ndiye amatuluka pang'onopang'ono, zimene zimachedwetsanso kuchepa kwawo. Evangelista Torricelli, amene anathandizapo Galileo, anafotokoza zimenezi m'ma 1640. Funso lotere, limene liwiro la kusintha limadalira chinthu chimene chikusinthacho, masamu a kuphatikiza ndi kuchotsera sangalithe. Nsima imachitanso chimodzimodzi: ikangopakulidwa imazizira mofulumira, kenako imakhala yofunda kwa nthawi yaitali, chifukwa liwiro la kuzizira limatsata kusiyana kwa kutentha kwa nsimayo ndi kwa mpweya. Isaac Newton analemba za zimenezi mu 1701.

Kodi mumadziwa kuti nsomba imene mukuiona m'madzi siili pamene mukuionapo? Kuwala kumayenda pang'onopang'ono m'madzi kusiyana ndi mumpweya, ndiye kumapindika potuluka. Mukayang'ana chowongoka kuchokera m'bwato, mlamba umene uli pa kuya kwa mita imodzi umaoneka ngati uli pa masentimita 75. Mnyamata wolasa nsomba amaphunzira kulozetsa mkondo pansi pang'ono atauphonya kangapo. Ibn Sahl analemba lamulo la kupindikaku ku Baghdad cha mu 984. Chosangalatsa n'chakuti Gottfried Leibniz atasindikiza nkhani yake yoyamba ya calculus mu 1684, chitsanzo chimodzi chimene anaonetsera mphamvu ya masamu atsopanowo chinali chimenechi: kuwala kumatsata njira yofulumira kuposa zonse, ndipo kuti muipeze njirayo mumafunafuna pamene derivative ili ziro. Njira yomwe ija yopezera tsiku lodzaza nyanja ndi imene ikulozanso pamene pali mlamba.

Newton anapeza calculus yake cha mu 1665 ndi 1666 ali kumudzi kwawo ku Woolsthorpe, yunivesite ya Cambridge itatsekedwa chifukwa cha mliri. Anachedwa kusindikiza, Leibniz anapeza payekha n'kutsogola, ndipo awiriwa anakangana mpaka imfa. Zizindikiro zimene ophunzira amalemba lero, ka d kakang'ono ka derivative ndi S wotalika wa integral, ndi za Leibniz. Koma onsewa sanali oyamba pa zonse: Madhava wa ku Kerala, ku India, anali atapeza kale zina mwa njirazi zaka zoposa 200 iwo asanabadwe nkomwe.

Kodi mumadziwa kuti mungayeze kuya kwa chitsime ndi mwala komanso wotchi? Chinthu chogwa chimawonjezera liwiro la mamita 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse. Pa sekondi imodzi chagwa mamita 4.9, pa ziwiri 19.6, pa zitatu 44.1. Onani kuti nthawi ikawirikiza kawiri mtunda ukuwirikiza kanayi. Galileo anazipeza pogubuduza timipira pa thabwa lopendekera, ndipo anaona kuti mitunda ya nthawi zotsatizana imayenda 1, 3, 5, 7. Buku lake la 1638 mbali yaikulu analilemba m'Chitaliyana, chilankhulo cha kumsika, ngati macheza a anthu atatu, pamene anzake ophunzira ankalemba m'Chilatini.

Bwato likamayandama limakankhira pambali madzi olemera mofanana ndi ilo pamodzi ndi katundu wake. Ikanimo matumba 10 a chimanga a makilogalamu 50, ndiye kuti lamira mowonjezera mpaka lasuntha malita 500. Archimedes wa ku Syracuse anazilemba zaka zoposa 2,200 zapitazo.

Nanga mumadziwa chifukwa chake kupalasa mothamanga kumatopetsa mosayembekezeka? Madzi amabweza bwato molingana ndi liwiro lochulukitsidwa ndi lokha. Mukawirikiza liwiro kawiri, madzi amakubwezani kanayi, ndipo popeza mukulimbana nawo pa mtunda wowirikiza pa mphindi iliyonse, thupi lanu liyenera kutulutsa mphamvu kasanu ndi katatu. Yang'anani bambo wachikulire akubwerera kokaonjola maukonde. Nkhafi imalowa m'madzi mosapupuluma, phewa limatembenuka, amalisiya bwato liseseleke kaye asanamizenso nkhafi. Mnyamata amene wamupitirira ndi phuma pa bango loyamba amamupeza pakati pa nyanja ali wefuwefu.

Kusesereka kumeneko ndi kumene kumagwetsa ophunzira ambiri. Afunseni: nkhafi yatuluka m'madzi, bwato likuyendabe, chikulikankha n'chiyani? Ambiri amati mphamvu ya nkhafi yatsalira m'bwatomo ndipo ikutha pang'onopang'ono. Newton, m'buku lake la Principia la 1687, akuti palibe chikulikankha. Chinthu choyenda chimangoyendabe mpaka china chitachiletsa, ndipo pano choletsa ndi madzi. Mu 1992 David Hestenes ndi anzake ku America anatulutsa mayeso a mafunso otere, opanda kuwerengetsa kulikonse, otchedwa Force Concept Inventory. Zinapezeka kuti ophunzira okhoza bwino masamu a m'buku ankalakwa mafunso a mpira woponyedwa m'mwamba. Eric Mazur wa ku Harvard atayesa ophunzira ake ndi mafunso a mtunduwu anasintha kaphunzitsidwe: anayamba kufunsa funso, n'kuwasiya ophunzira atsutsane awiriawiri asanapereke yankho. Mu 1998 Richard Hake anasonkhanitsa zotsatira za ophunzira 6,542 m'makalasi 62. Pa zimene sankadziwa poyamba, a m'makalasi ongomvera mphunzitsi anatolapo pafupifupi 23 pa 100 iliyonse, pamene a m'makalasi okambirana ndi kuyesa zinthu anatolapo 48. Nkhani imeneyi imandilimbitsa mtima kwambiri, chifukwa kukambirana sikufuna labotale ya ndalama zambiri. Kumafuna funso labwino ndi mnzako wosavomera msanga, ndipo pansi pa mtengo wa mango pa sukulu iliyonse ya ku Mecanhelas ziwirizi zimapezeka.

Kodi mumadziwa kuti liwu lathu loti mphamvu limanyamula zinthu zitatu zimene fizikisi imazilekanitsa? Pali kukankha kapena kukoka, kumene amayeza mu ma newton. Pali ntchito yonse yogwiridwa kapena yosungidwa, ya ma joule. Ndiye pali kufulumira kwa kugwira ntchitoyo, kwa ma watt. Anthu awiri akweza thumba lofanana pa ngolo imodzi, wina pa sekondi ziwiri, wina pa khumi: ma joule ndi ofanana, ma watt ndi osiyana kasanu. Chachitatucho ndi derivative ya chachiwiri. Mwana wa ku Amaramba amene kunyumba amalankhula Chinyanja, Chiyao kapena Chimakhuwa amakumana ndi mawuwa m'Chipwitikizi, ndipo msuweni wake wa ku Nayuchi amakumana nawo m'Chingerezi. Akakakamira, aphunzitsi ena amafulumira kunena kuti mutu ndi wouma, chonsecho chavuta ndi chilankhulo. Nkoyenera kumufotokozera kaye ndi thumba ndi ngolo m'chilankhulo cha amayi ake, zizindikiro zibwere pambuyo. Zizindikirozo n'zimodzimodzi ku Maputo, ku Zomba ndi ku Tokyo.

Kodi mumadziwa kuti njinga yamoto yothamanga makilomita 60 pa ola imafuna mtunda wowirikiza kanayi kuti iime, poyerekeza ndi ya makilomita 30? Willem 's Gravesande wa ku Netherlands ankagwetsa mipira yachitsulo pa dongo lofewa, n'kupeza kuti wa liwiro lowirikiza kawiri ukuboola kanayi. Émilie du Châtelet wa ku France anaimvetsa mfundoyi n'kuiteteza m'buku lake la 1740. Mayi yemweyu ndi amene anamasulira Principia m'Chifalansa, ndipo anamaliza ntchitoyo mu 1749 atatsala pang'ono kumwalira atangobereka. Tsopano ganizirani sitima ya malasha yochoka ku Moatize, yodutsa m'Malawi, kutulukira pa Nayuchi ndi Entre Lagos kupita ku Cuamba mpaka ku Nacala, ulendo wa makilomita oposa 900. Mateyala achitsulo pa njanji yachitsulo sagwira ngati labala pa tala. Woyendetsa akakuonani muli pa njanji ndi njinga yanu ya matumba a mpunga, ngakhale amange mabuleki onse, sitimayo iima itakudutsani kale.

Njanji yomweyo imatalika ikatenthedwa. Chitsulo cha kilomita imodzi, kutentha kukakwera ndi madigiri 30, chimafuna kutalika masentimita 36.

Kodi mumadziwa kuti magetsi a ku Cahora Bassa ndi a dayinamo ya njinga amabadwa mofanana? Michael Faraday anapeza mu 1831 kuti maginito ongokhala pafupi ndi waya satulutsa kanthu. Magetsi amabwera mphamvu ya maginitoyo ikamasintha, ndipo kuchuluka kwake kumatsata liwiro la kusinthako. N'chifukwa chake nyali ya njinga imawala mukatchova mwamphamvu, n'kuzima mukaima. Damu la pa Zambezi pafupi ndi Songo, m'chigawo cha Tete, limatha kutulutsa ma megawatt 2,075, ndipo ambiri amayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400 kukafika pa siteshoni ya Apollo kufupi ndi Johannesburg, pa ma volt 533,000. Ma volt amawakweza chotero dala: mukawachulukitsa kakhumi, magetsi otayika ngati kutentha m'mawaya amatsika ka 100.

Dayinamo ya njinga ndi imenenso William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, anamangirira pa makina ake amphepo mu 2002, ali ndi zaka 14, njala itamuchotsa pasukulu. Anatsata zithunzi za m'mabuku a mulaibulale ya m'mudzi, Chingerezi chake chili chochepa. Anadzamaliza maphunziro ku Dartmouth College mu 2014. Mphepo ikawirikiza liwiro kawiri, mphamvu yake imawirikiza kasanu ndi katatu, lamulo lomwe lija la nkhafi. Koma palibe makina angatenge yonse. Albert Betz anaonetsa ndi calculus kuti malire ndi 59 pa 100 iliyonse, chifukwa mphepo ikaimitsidwa kotheratu ilibe kolowera, ndipo yam'mbuyo singadutse.

Mafunde aatali m'madzi osaya amathamanga malinga ndi kuya kwa madziwo. Pa kuya kwa mita imodzi amayenda mamita atatu pa sekondi. M'nyanja ya India, pa kuya kwa mamita 4,000, lamulo lomwelo limapereka makilomita pafupifupi 700 pa ola, ndiye chifukwa chake tsunami ya pa 26 Disembala 2004 inachoka ku Indonesia n'kufika ku Somalia tsiku lomwelo.

Kodi mumadziwa kuti maphunzirowa sali kutali monga ankakhalira kale? Ku Maputo, Universidade Eduardo Mondlane, imene inayamba mu 1962 n'kulandira dzinali mu 1976, ili ndi dipatimenti ya fizikisi. Universidade Lúrio inakhazikitsidwa mu 2006 kuti itumikire zigawo za kumpoto, ndipo za uinjiniya imaphunzitsa ku Pemba. Universidade Rovuma, ya mu 2019, ili ndi nthambi ku Lichinga. Tsidya la malire kuli University of Malawi ku Zomba, MUBAS ku Blantyre ndi MUST ku Thyolo. Wofuna kupitirira apo, African Institute for Mathematical Sciences, imene Neil Turok anayambitsa ku Muizenberg pafupi ndi Cape Town mu 2003, imatenga ophunzira ochokera mu Africa monse. M'kalasi ya fizikisi ya chaka choyamba, sabata zoyambirira zimakhala za chinthu choyenda, liwiro lake, ndi kusintha kwa liwirolo.

Ndipo mumadziwa kuti 9.8 uja mungamuyeze nokha pa gombe? Dulani chingwe cha ukonde chotalika mita imodzi, mangani mwala kunsonga, kolekani pa nthambi. Kankhani mwalawo pang'ono, osati kwambiri, ndipo wina awerenge nthawi pa foni. Kupita ndi kubwera maulendo 20 kutenga masekondi pafupifupi 40, kutanthauza masekondi awiri ulendo umodzi. Chulukitsani kutalika kwa chingwe ndi 39.5, gawani ndi nthawi ya ulendo umodzi yochulukitsidwa ndi yokha, mupeza nambala yoyandikira 9.8. Sinthani mwalawo muike wolemera kawiri, nthawi sisintha. Talikitsani chingwe chifike mamita anayi, ulendo umodzi utenga masekondi anayi.